Ophunzira anga amakhoza mayeso a mankhwala, koma kuwodi amasowa pogwira

"Ndine wa za mankhwala, ndipo chaka chatha ndinapatsidwa ntchito yophunzitsa pharmacology, phunziro la mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, pa koleji yosula anthu ogwira ntchito m'chipatala. Ophunzira anga ndi amene mawa lino azidzaona odwala ndi kuwalembera mankhwala. Ndimakonzekera ndithu, manotsi ndimawapatsa athunthu, ndipo ambiri mayeso amakhoza bwino. Koma nditapita kukawaona kuwodi ndinabwerako mutu utaima. Wina amene analemba bwino kwambiri za antibayotiki wotchedwa gentamicin pamayeso analephera kundiuza chifukwa chake timayang'anira mkodzo wa wodwala amene akubayidwa mankhwalawo. Wina anangoti kakasi nditamuuza kuti awerengere dozi ya mwana. Silabasi ndi yaikulu, maola ndi ochepa, kalasi ndi yodzaza. Kodi vuto ndi ine, ophunzirawo, kapena phunziro lenilenilo? Ndiyambire pati?" Mphunzitsi watsopano

Aphunzitsi anzanga, khazikani mtima pansi. Zimene mwaonazo sizachilendo, ndipo mwachita bwino kunyamuka kukawaona kuwodi. Ambiri timathera pa kuchonga mapepala, tikaona malikisi ali bwino basi nkhani yatha. Wophunzira wodziwa mankhwala pamtima koma wolephera kulembera wodwala amapezeka paliponse, ngakhale kumene zipangizo zili mbwee. Ku England, kafukufuku wa EQUIP amene anatuluka mu 2009 anaunika mankhwala oposa 120,000 olembedwa m'zipatala 19, n'kupeza kuti pafupifupi 9 pa 100 alionse panali cholakwika. Amene ankalakwitsa kwambiri anali madokotala a m'chaka chachiwiri cha ntchito, opitirira pang'ono 10 pa 100, ndipo zolakwika zambiri ankazigwira ndi a ku famase zisanafike kwa wodwala. Onsewo ndi anthu amene pharmacology anakhoza. Choncho musadziimbe mlandu, komanso musawaimbe mlandu ana anuwo. Chofunika kukonza ndi kaphunzitsidwe ndi kayesedwe, ndipo zambiri mwa izo zili m'manja mwanu.

Gwero la vutoli nthawi zambiri lili pa mbali imene funso limayambira. M'kalasi timayambira pa mankhwala: dzina, gulu lake, mmene amagwirira ntchito m'thupi, matenda amene amachiza, zoipa zimene angadzetse. Wophunzira amazisanja m'mutu mwake motsatira ndondomeko yomweyo. Koma kuwodi palibe amene amabwera n'kunena kuti, "Ndili ndi gentamicin, ndimupatse ndani?" Kumabwera agogo a zaka 70, thupi lili moto, sanakodze chiyambire m'mawa, ndiponso akumwa kale mapiritsi okodzetsa. Apa wophunzira ayenera kuyambira pa munthu, apite pa matenda, asankhe mankhwala, kenako abwererenso pa munthuyo kuti aone ngati mankhwalawo akumuyenera. Njira imeneyi sanaiyendepo ndi kamodzi komwe. Nzeru ali nazo ndithu, kungoti anazisunga poyembekezera funso la pamayeso, ndipo wodwala safunsa choncho.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa zinthu. Mphunzitsi watsopano, makamaka wa za mankhwala ngati inu, amaopa kusiyako kanthu. Amatchula ma beta blocker (gulu la mankhwala a mtima ndi BP) onse amene ali m'buku, aliyense ndi mzere wake pa bolodi. Wophunzira akapanikizidwa chonchi amachita chinthu chimodzi chokha chimene angathe: amaloweza, n'kukakhuthula pamayeso, pakatha milungu itatu mbee. M'zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndaona kuti wophunzira wodziwa bwinobwino mankhwala ochepa amakhala wotetezeka kwa odwala kuposa amene anamvapo mayina mazanamazana. Tengani mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri umene zipatala zimene ophunzira anu adzagwireko zimatsatira. Bungwe la WHO linatulutsa mndandanda woyamba wotere mu 1977, uli ndi mankhwala opitirira pang'ono 200, ndipo limaukonzanso zaka ziwiri zilizonse. Kuchokera pamenepo sankhani mankhwala amodzi kapena awiri oimira gulu lililonse. Pa ma beta blocker, propranolol ndi atenolol akwanira. Wophunzira akamvetsa chifukwa chake propranolol angabanikitse munthu wa mphumu, wina aliyense wa gululo adzamufunsa funso lomwelo akadzakumana naye.

Njira yophunzitsira kuyambira pa wodwala simukufunika kuipeka nokha. Mu 1994 WHO inatulutsa kabuku kotchedwa Guide to Good Prescribing, kochokera pa ntchito ya aphunzitsi a pa yunivesite ya Groningen ku Netherlands, ndipo mu 2001 kunatulukanso kena kolembera aphunzitsi. Mfundo yake ndi yosavuta. Wolemba mankhwala ayambe wadziwa vuto la wodwala, anene chimene akufuna kuti chithandizo chikwaniritse, aone ngati mankhwala amene amasankha nthawi zonse pa vutoli akuyenera munthu ameneyu, alembe, afotokozere wodwalayo ndi kumuchenjeza, kenako atsatire kuti aone ngati apitirize, asinthe kapena asiye. Mankhwala osankhiratu aja amawatchula kuti P-drug, ndipo wophunzira amawasankha yekha poyerekeza mphamvu yake, chitetezo chake, kuyenera kwake ndi mtengo wake. Gawo limene ophunzira amakonda kulidumpha ndi lachiwiri lija. Mukawafunsa cholinga cha chithandizo amayankha kuti "kuchiza wodwala". Musalole. Anene kuti akufuna BP itsike kufika pati, m'nthawi yaitali bwanji, ndipo adzadziwa bwanji kuti zatheka.

Ndikuonetseni mmene ola limodzi lingayendere. Lembani pa bolodi wodwala mmodzi: mayi wa zaka 45, BP yapezeka yokwera maulendo angapo, alibe vuto lina. Ophunzira akhale awiriawiri kapena atatuatatu, ndipo pakatha mphindi khumi gulu lililonse likhale litalemba mankhwala amodzi, dozi yake ndi chifukwa chake. Ena alemba amlodipine, ena hydrochlorothiazide, ena enalapril. Musafulumire kunena wolondola. Afunseni a enalapril kuti ateteze chisankho chawo pamaso pa a amlodipine. Akayamba kutsutsana, sinthani wodwalayo pang'ono. Mayiyu ali ndi zaka 28 ndipo ndi woyembekezera. A enalapril ayenera kudzidzimuka, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amavulaza mwana wosabadwa, makamaka impso zake, ndiye apa pafunika methyldopa, labetalol kapena nifedipine. Sinthaninso: ndi bambo amene amadwaladwala gout, nyamakazi yobwera chifukwa cha kuchuluka kwa uric acid m'magazi. A hydrochlorothiazide aganizenso, poti mankhwala awo amakweza uric acid m'magazi. Sinthaninso: wodwala wabweranso patatha mwezi akutsokomola chifuwa chouma chosatha chiyambire kumwa enalapril. Apa ndi pamene mumalowetsa nkhani ya bradykinin, chinthu cha m'thupi chimene enalapril amachititsa kuti chiunjikane n'kumatsokomoletsa, ndipo ophunzira amaimvetsera ndi makutu onse chifukwa ikuyankha funso limene lawavuta. Akamvetsa, adzadziwa okha chifukwa chake losartan angalowe m'malo.

Kusintha komaliza kumene ndimakukonda ndi uku. Agogo akumwa enalapril ndi mapiritsi okodzetsa, mawondo akuwawa, ndiye wina wawalembera diclofenac. Patatha masiku angapo mkodzo wachepa. Jambulani kasefa kamodzi ka mu impso, kamtsempha kolowetsa magazi mbali iyi, kotulutsa mbali inayo. Ma prostaglandin amatsegula kolowetsako, angiotensin II amafinya kotulutsako, ndipo ziwirizi ndi zimene zimasunga mphamvu yosefera magazi thupi likachepa madzi. Diclofenac wachotsa choyamba, enalapril wachotsa chachiwiri, okodzetsa aja achepetsa madzi. Impso zigwira ntchito bwanji? Wophunzira amene wajambula yekha kachithunzi kameneka sadzalemba mankhwala atatuwa pamodzi mosaganiza, ngakhale patapita zaka.

Mwaona kuti sindikunena kuti mutaye sayansi ya mmene mankhwala amagwirira ntchito. Pali aphunzitsi ena amene akatopa ndi kuloweza amathawira mbali ina, n'kumangophunzitsa buku la malangizo a chithandizo: matenda akuti, mankhwala akuti, masiku akuti. Zimenezo zimatulutsa munthu wogwira bwino ntchito pokhapokha wodwala akafanana ndi wa m'buku, ndipo odwala ambiri safanana naye. Taganizani za rifampicin. Wophunzira akadziwa kuti mankhwalawa amachititsa chiwindi kupanga ma enzyme ambiri ophwanya mankhwala ena, safunika kuloweza mndandanda wautali. Adzadziwa chifukwa chake mapiritsi akulera ndi kachipangizo ka pamkono kaja zingalephere mwa mayi amene ali pa mankhwala a TB, chifukwa chake dolutegravir amamwedwa kawiri pa tsiku pa nthawi imeneyo, ndi chifukwa chake warfarin amachepa mphamvu. Mukamuonetsanso mbali inayo, kuti metronidazole amachedwetsa kuphwanyidwa kwa warfarin mpaka wodwala kuyamba kutaya magazi, wagwira mfundo imene idzamuthandize pa mankhwala amene panopa sanatulukebe. Sayansi ikhalepo yonse yofunikayo, koma izibwera wodwala ataiitana.

Pharmacokinetics, nkhani ya mmene mankhwala amalowera, kuyendera ndi kutulukira m'thupi, ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chifukwa timayamba ndi masamu ndi magirafu. Ine ndimayamba ndi chidebe chobooka pansi chimene mukuthiramo madzi pang'onopang'ono. Madzi amakwera mpaka kufika pamene olowa akufanana ndi otuluka, n'kuima pamenepo. Mukafuna kuti chidzaze msanga mumathira ambiri kamodzi poyamba, ndiye loading dose imeneyo. Bowo likatsekeka inu n'kumathirabe chimodzimodzi, chisefukira, ndipo ndi zimene zimachitika impso zikafooka. Zikamveka zimenezi, manambala amalowa mosavuta: pakatha half-life imodzi (nthawi imene mankhwala amatenga kuti achepe ndi theka m'magazi) mwafika theka la mlingo wokhazikika, ziwiri 75 pa 100, zitatu 87.5, ndipo zikakwana zinayi kapena zisanu mwatsala pang'ono kufika. Digoxin, amene half-life yake ndi pafupifupi tsiku ndi theka, amatenga pafupifupi mlungu kuti akhazikike, ndipo amatenga nthawi yoposa pamenepo mwa munthu wa impso zofooka. Wophunzira wanu wa gentamicin uja chimene chinamusowa ndi ichi: mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso osasinthika, ndipo iwo omwewo amawononga impso. Mkodzo ukachepa amaunjikana, akaunjikana amawononga impsozo kwambiri pamodzi ndi makutu, ndipo kugontha kwake nthawi zambiri sikubwerera. Naloxone, wothetsa mphamvu ya morphine ikapitirira muyezo, ndi chitsanzo china chabwino. Mphamvu yake imatha msanga kuposa ya morphine, choncho wodwala amene wadzuka atabayidwa naloxone angathe kubwereranso m'tulo toopsa tija pakapita ola limodzi kapena awiri ngati palibe womuyang'anira.

Tsopano masamu a dozi. Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene anthu amafera. Kuwerengera dozi ndi luso la manja, ndipo sikuphunzirika pomvetsera. Bweretsani m'kalasi masirinji, timabotolo topanda kanthu tokhala ndi zolemba zake zenizeni, ndi madzi. Yambani ndi zosavuta: mwana wa makilogalamu 12, paracetamol pa 15 mg pa kilogalamu, mankhwala amadzi a 120 mg mu 5 mL. Wophunzira apeze 180 mg, asandutse kukhala 7.5 mL, akoke mu sirinji, akuonetseni. Mudzadabwa kuona kuti ena amene apeza nambala yolondola papepala akoka zosiyana. Kenako pitani pa maperesenti, chifukwa ambiri sadziwa kuti 1% ndi 10 mg mu mL imodzi. Lidocaine wa 2% ndi 20 mg pa mL. Adrenaline wa 1:1000 ndi 1 mg pa mL, ndipo munthu wamkulu amene thupi lake ladana koopsa ndi mankhwala mpaka kubanika amabayidwa 0.5 mL mu mnofu wa pantchafu. Wa 1:10,000 ndi wosungunuka kakhumi, wogwiritsa ntchito mumtsempha mtima ukaima. Kusokoneza awiriwa kwapha anthu.

Magnesium sulphate ndi mayeso abwino kwambiri a zonsezi. Mayi woyembekezera wakomoka chifukwa cha eclampsia, matenda a khunyu obwera ndi BP yokwera pa mimba, ndipo mukufuna 4 g mumtsempha, wa 20%, koma kabotolo kali m'manja mwanu n'ka 50%. Wophunzira ayenera kudziwa kuti 50% ndi 500 mg pa mL, ndiye 4 g ndi 8 mL, ndipo akawonjezera 12 mL ya madzi a jakisoni apeza 20 mL ya 20%, yoperekedwa pang'onopang'ono. Zisathere pamenepo. Mufunseni chimene adzayang'ane asanapereke dozi yotsatira. Ayankhe kuti adzawerenga kapumidwe, adzagogoda bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, ndipo adzayeza mkodzo, chifukwa magnesium amatulukira mu impso. Mufunsenso kuti calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium akachuluka m'thupi, ali kuti ndipo adzapereka wochuluka bwanji. Achite zimenezi ndi manja, wina akumuwerengera nthawi, mobwerezabwereza mpaka zileke kumuchititsa mantha. Maganizo anga ndi akuti pa masamu a dozi palibe kukhoza ndi theka. Amene wapeza 6 pa 10 walakwitsa odwala anayi. Abwereze mpaka azipeza zonse pa mankhwala oopsa, ndipo aphunzire kudzifunsa asanabaye kuti, "Kodi nambala imeneyi ikumveka?" Dozi ya mwana ikafuna timabotolo khumi, penapake pasokonekera.

Kalembedwe nakonso kamafuna kuyeserera, ndipo gwiritsani ntchito mapepala ndi matchati ofanana ndendende ndi a kuwodi. Alembe 0.5 osati .5, alembe 5 osati 5.0, poti kadontho kakapanda kuoneka dozi imakula kakhumi. Pa insulin alembe mawu onse akuti units, chifukwa U wolembedwa mothamanga amaoneka ngati ziro. Ma microgram alembedwe mawu onse. Methotrexate wa nyamakazi amamwedwa kamodzi pa mlungu, ndipo anthu afa chifukwa chomwa tsiku lililonse. Potassium chloride sabayidwa mumtsempha wosasungunula. Akalemba, asinthane mapepala, mnzake akhale namwino amene akuyenera kupereka mankhwalawo usiku popanda womufunsa. Akalephera kuwerenga kapena akapeza kuti palibe tsiku losiyira, pepalalo libwerere kwa mwini wake.

Pali gawo lina limene silabasi zambiri zimangolikhudza pamwamba, lolankhula ndi wodwala. Wophunzira angafotokoze warfarin m'chilankhulo cha m'buku bwinobwino, koma mukamuuza kuti afotokozere munthu amene sanapiteko ku sukulu ya zachipatala, m'chilankhulo chimene munthuyo amalankhula kwawo, amachita chibwibwi. Muziwayesetsa m'kalasi: mmodzi wodwala, mmodzi wolemba mankhwala, wachitatu womvetsera. Wodwalayo atuluke akudziwa kuti mankhwalawa ndi a chiyani, amwa bwanji, mpaka liti, ndi zizindikiro ziti zoti abwerere nazo msanga. Amene akuyamba rifampicin auzidwiretu kuti mkodzo udzafiira, apo ayi adzasiya mankhwala ndi mantha. Pomaliza wolembayo apemphe wodwala kuti abwereze zimene wamva. Kufunsa kuti "Mwamva?" sikuthandiza, chifukwa aliyense amavomera.

Mwadandaula za kalasi yodzaza ndi maola ochepa. Zimene ndafotokozazi zimatheka ngakhale anthu ali oposa 100, chifukwa kukambirana awiriawiri sikufuna chipinda china. Manotsi anu athunthu aja apatseni pasadakhale kuti akawerenge okha, ndipo ola la m'kalasi ligwire ntchito imene sangaigwire paokha. Mphindi zisanu zoyambirira muziwafunsa mafunso ochepa a zimene munaphunzira mlungu watha ndi mwezi watha, ayankhe osatsegula kope. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimathawa msanga m'masiku oyambirira, ndipo kafukufuku wa Roediger ndi Karpicke wa mu 2006 anaonetsa kuti kudziyesa pokumbukira kumasunga zinthu m'mutu nthawi yaitali kuposa kuwerenga mobwereza. Muwaonetsenso kuti mayina a mankhwala ali ndi dongosolo: othera ndi -pril ndi a gulu limodzi, chimodzimodzi -olol, -sartan, -statin, -floxacin. Zimawapeputsira katundu kwambiri. Nthawi ikachepabe, dulani mankhwala osowa, koma masamu ndi kulemba musazikhudze.

Zonsezi zidzapita pachabe mayeso akakhala akale omwe aja. Ophunzira si opusa, amawerenga zimene zimabwera. Mukamaphunzitsa ndi odwala koma pamayeso n'kufunsa kuti "Tchulani zoipa zisanu za gentamicin", adzabwerera ku kuloweza, ndipo adzakhala akulondola. George Miller mu 1990 anasiyanitsa magawo anayi a luso la wachipatala: kudziwa, kudziwa mmene chinthu chimachitikira, kuonetsa kuti ungachichite, ndi kuchichita pa ntchito. Mayeso athu ambiri a pharmacology amathera pa gawo loyamba. Mayeso a OSCE, oyendayenda m'malo osiyanasiyana n'kumaonetsa luso ndi manja, amene Ronald Harden ndi anzake anawafotokoza mu 1975, amakupatsani mpata woika malo amodzi olembera mankhwala, ena okokera dozi, ena ofotokozera wodwala. Ku UK kuli mayeso otchedwa Prescribing Safety Assessment, a mafunso 60 m'maola awiri, ndipo malikisi 80 pa 200 ali pa kulemba mankhwala kwenikweniko. Chimene chimandisangalatsa pa mayesowa n'chakuti olemba amaloledwa kutsegula buku la mankhwala la BNF. Ena amaona ngati kumeneko n'kufewetsa zinthu. Ine ndimati wachipatala amene amachita manyazi kutsegula buku pamaso pa wodwala ndi woopsa kuposa amene amatsegula kawirikawiri. Yesani ophunzira anu ngati angapeze dozi yolondola msanga m'buku loyenera, kupatula mankhwala ochepa a mwadzidzidzi amene ayenera kukhala pamtima.

Muzikumbukiranso kuti simuli mphunzitsi yekhayo. Wodi imaphunzitsa kuposa inu. Mukanena m'kalasi kuti chimfine sichifuna maantibayotiki, iwo n'kukaona wamkulu akulembera ceftriaxone aliyense wotentha thupi, adzatsatira wamkuluyo. Kuyambira 2017 WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu, Access, Watch ndi Reserve, ndipo ceftriaxone ali mu Watch, gulu lofunika kulisamala chifukwa tizilombo timalizolowera msanga. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi yopempha wophunzira aliyense kubweretsa tchati chimodzi cha mankhwala cha wodwala weniweni, atachotsa dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa, n'kufotokoza chifukwa cha mankhwala aliwonse ali pamenepo. Akapeza amene alibe chifukwa, kambiranani mmene angafunsire wamkulu wake mwaulemu, osaoneka ngati akumuweruza. Musanyoze anzanu a kuwodi pamaso pa ophunzira. Nthawi zina amakhala ndi chifukwa chimene sichinalembedwe, nthawi zina mankhwala oyenera anali atatha.

Pa zoipa zimene mankhwala amadzetsa, nkhani ya thalidomide imakwanira kuwatsegula maso. Anayamba kugulitsidwa mu 1957, amayi oyembekezera ankamwa pofuna kuletsa mseru ndi kupeza tulo, ndipo pofika 1961 pamene ankachotsedwa, ana oposa 10,000 anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakula. Ku United States, Frances Kelsey wa ku FDA, bungwe lovomereza mankhwala, anakana kuwavomereza poona kuti umboni wa chitetezo chake unali wosakwanira. Ngoziyi ndi imene inabala Yellow Card, njira yoperekera malipoti a zoipa za mankhwala ku UK, mu 1964 ndi ntchito ya WHO yotsatira zoipa za mankhwala padziko lonse mu 1968. Mukatha kufotokoza, apatseni fomu yeniyeni yoperekera lipoti, aidzaze ndi wodwala wongopeka. Amene anaidzazapo kamodzi ku sukulu sadzaiopa ku ntchito.

Njira imeneyi ili ndi zovuta zake, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Ophunzira ena adzadandaula kuti simukuphunzitsa, mukungowafunsa mafunso, makamaka aja amene kuloweza kumawayendera. Auzeni poyera chifukwa chake mwasintha. Choopsa chenicheni n'chakuti m'magulu muja yankho lolakwika la wolankhula mokweza lingakhazikike m'mitu ya anzake. Choncho musatuluke m'kalasi musananene momveka chisankho choyenera, dozi yoyenera ndi chifukwa chake. Chinanso, wophunzira amene wayamba kudzidalira angaganize kuti wafikapo. Anene ndi pakamwa pake kuti chilichonse chimene walemba kuwodi chiyenera kuonedwa ndi kusainidwa ndi amene ali ndi chilolezo. Ndipo musasinthe silabasi yonse kamodzi. Yambani ndi mutu umodzi teremu ino, BP kapena maantibayotiki, muone mmene ziyendere.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Kusintha mayeso kapena kuchotsa mitu mu silabasi kumadutsa kwa mkulu wa dipatimenti ndi komiti ya maphunziro, ndipo bungwe lopereka zilolezo za ntchito limakhala ndi zimene limafuna kuti wophunzira aliyense akwaniritse. Pitani ndi zitsanzo zimene munaziona kuwodi, popanda mayina, chifukwa zimenezo zimamveka kuposa madandaulo. Pemphani wachipatala wodziwa amene amaona odwala tsiku ndi tsiku kuti aziunika odwala ongopeka amene mukulemba, kapenanso azibwera kudzaphunzitsa nanu, popeza inu mumadziwa mankhwala ndipo iye amadziwa mmene wodwala amafikira. Ngati pali mwayi wa maphunziro afupiafupi a kaphunzitsidwe ka zachipatala, utengeni.

Wophunzira amene akulakwitsabe masamu a dozi mutamuthandiza payekha kangapo musamusainire pomumvera chisoni. Kambiranani ndi akuluakulu anu kuti apeze thandizo lapadera, chifukwa nthawi zina vuto limakhala masamu a kumayambiriro, nthawi zina maso, nthawi zina mantha kapena mavuto amene akumuvutitsa mumtima. Wophunzira akalakwitsa pa wodwala weniweni, choyamba ndi kuuza woyang'anira wodwalayo nthawi yomweyo kuti athandizidwe, kenako lipoti lilembedwe motsatira dongosolo la chipatalacho, ndipo wophunzirayo apeze womulimbikitsa, poti ena zikawachitikira amafuna kusiya sukulu. Mukaona kuti kuwodi kuli chizolowezi choika odwala pangozi, nkhaniyo ipite ku komiti ya mankhwala ya chipatala kudzera kwa wamkulu wa famase, osati kutuma wophunzira kuti akakonze. Ndipo mukamva kuti pethidine, morphine kapena tramadol akusowa kumene ophunzira anu akugwira ntchito, kapena wina wa iwo akuonetsa zizindikiro zoti akugwiritsa ntchito mankhwalawa, musafufuze nokha mwakachetechete. Dziwitsani mkulu wa koleji ndi woyang'anira wodiyo tsiku lomwelo, kuti kaundula wa mankhwalawo awerengedwe ndiponso wophunzirayo aonedwe ndi dokotala.